Momwe Mungafikitsire Vuto la Dera Lanu mu Bajeti ya Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre

Anthu ambiri okhala mumzinda wa Blantyre amaikumbukira khonsolo mwezi wa Januwale, pamene ngalande zasefukira, misewu yafumbi yakumbika zigwembe, ndipo zinyalala za pamsika zanyowa ndi kuyamba kununkha. Nthawi imeneyo madandaulo amachuluka pa wayilesi ndi pa Facebook, koma amakhala atachedwa, chifukwa ndondomeko ya ndalama za chaka chotsatira imakhala italembedwa kale. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Marichi, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 limafuna kuti khonsolo ikhale itakonza chiyerekezo cha ndalama zomwe idzatolere ndi kugwiritsa ntchito kutatsala masiku 90 kuti chaka chatsopanocho chiyambe. Choncho amene akufuna kalavati, kamlatho, bini ya zinyalala kapena magetsi a mumsewu ayenera kuyamba kuyenda m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene aliyense waiwala za matope. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wamba amene akufuna kuti vuto la dera lake lilembedwe pa pepala, lifike pa khomo loyenera, ndiponso lifike pa nthawi yake.

Yambani ndi kudziwa mwini wake wa ntchitoyo

Dzina lakuti Blantyre lili ndi makhonsolo awiri. Pali khonsolo ya mzinda, yomwe likulu lake lili ku Civic Centre ku Chichiri, ndipo imayang'anira madera monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Mbayani, Chirimba, Namiwawa, Nyambadwe ndi Limbe, yemwe anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Pali khonsolo ya boma la Blantyre, yomwe imatsogozedwa ndi bwanamkubwa, ndipo imayang'anira madera akunja kwa mzinda monga Lunzu, Lirangwe ndi Chileka. Ngati mumakhala kumalire, komwe nyumba za mumzinda zafalikira mpaka kulowa m'midzi, funsani kaye kuti malo anu ali mbali iti, chifukwa kalata yopita ku khonsolo yolakwika imangokhala pa tebulo popanda woiyankha.

Ngakhale mkati mwa mzinda, si vuto lililonse lomwe ndi la khonsolo. Paipi ya madzi ikaphulika, eni ake ndi a Blantyre Water Board. Waya wa magetsi ukagwa, ndi a ESCOM, ngakhale kuti nyali zowunikira misewu ndi za khonsolo. Misewu ikuluikulu yolumikiza mzinda ndi maboma ena ili m'manja mwa Roads Authority, pamene misewu ya m'madera a mumzinda, ngalande zake ndi makalavati ake ndi ntchito ya khonsolo. Zipatala zazing'ono monga za ku Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe zimayendetsedwa ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, ndipo chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chili pansi pa unduna wa zaumoyo. Zomwe zili za khonsolo ya mzinda mosakayikitsa ndi izi: kutolera zinyalala ndi kukazitaya ku mtaya wa ku Mzedi, misika, ozimitsa moto, ziphaso za bizinesi, ukhondo wa m'malo odyera ndi ophera nyama, manda a mzinda, komanso kuvomereza mapulani a zomangamanga. Ngati mukukayika za msewu wina, pitani ku nthambi ya zomangamanga ku Civic Centre mukafunse, ndipo mulembe dzina la ofesi yomwe akuuzani.

Dziwani amene amagamula ndi amene amagwira ntchito

Khonsolo ili ndi mbali ziwiri zomwe anthu amakonda kuzisokoneza. Mbali yoyamba ndi ya makhansala, omwe timawasankha m'mawodi athu, ndipo iwowa ndiwo amasankha meya pakati pawo, kuvomereza bajeti, ndi kukhazikitsa malamulo aang'ono a mzinda. Mbali yachiwiri ndi ya ogwira ntchito olembedwa, otsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo, omwe amakonza bajetiyo, kulemba makontirakitala ndi kutumiza magalimoto. Makhansala amagawikana m'makomiti, monga ya zachuma, ya zomangamanga, ndi ya zaumoyo ndi chilengedwe, ndipo nkhani zambiri zimapsera m'makomiti amenewa zisanafike ku msonkhano waukulu wa khonsolo yonse.

Pali chifukwa chomwe anthu ambiri amathamangira kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo pa vuto lililonse. Makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. M'zaka zisanu ndi zinayi zimenezo anthu anazolowera kuti phungu ndiye amagula bokosi la maliro, ndiyenso amakonza mlatho. Chizolowezichi chikuyenera kutha, chifukwa ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, pamene ngalande ya kumbuyo kwa nyumba yanu ndi ya khansala. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'misonkhano ya makhonsolo komanso kuyendetsa kwawo thumba la CDF, lomwe ndi la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Choncho mukamva kuti ntchito ina idzachitika ndi ndalama za CDF, pemphani ku khonsolo ndondomeko yoyendetsera thumbalo yomwe ikugwira ntchito chaka chimenecho, kuti mudziwe amene akusaina.

Sonkhanitsani umboni, kenako lembani

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene magulu ambiri amafookera. Tiyeni titenge chitsanzo cha ngalande yomwe imatsika kuchokera kumtunda kwa phiri n'kudutsa pansi pa msewu kudzera pa kalavati wochepa. Chaka chilichonse kalavatiyo amatsekeka ndi mchenga, majumbo, mabotolo apulasitiki ndi zotsalira za nzimbe, ndipo madzi akasowa kolowera amakwera pamsewu n'kukalowa m'nyumba za kumunsi. Aliyense m'deralo amadziwa zimenezi, koma ku Civic Centre vutoli kulibe mpaka litalembedwa.

Pitani pamalopo anthu atatu kapena anayi, ndi foni yojambula, tepi yoyezera ndi kope. Jambulani kukamwa kwa kalavati, mbali yolowera madzi ndi yotulukira. Jambulani mzere wa matope womwe unatsala pa makoma a nyumba, munthu ataima pambali pake kuti paoneke pomwe madzi anafika. Yezani kutalika kwa gawo la ngalande lomwe linagumuka. Werengani nyumba zomwe zimalowedwa madzi, ndipo ngati njirayo imadutsa ana a sukulu, amayi opita ku sikelo kapena a kabaza, lembaninso zimenezo. Ngati m'deralo munadwala anthu nthawi ya kolera wa mu 2022 ndi 2023, yemwe anachititsa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023, tchulani, koma tchulani zokhazo zomwe mungazichitire umboni. Kukokomeza kumawononga mlandu wabwino, chifukwa injiniya akabwera n'kupeza kuti mwanama pa chinthu chimodzi, amakayika zonse zotsalazo.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa mkulu wa khonsolo, ndipo ipemphe chinthu chimodzi chokha. Chiyeso chofuna kulembamo zonse chimakhala chachikulu, makamaka anthu akasonkhana, wina akufuna msika, wina magetsi, wina chimbudzi, koma kalata ya mavuto khumi imasowa nthambi yoitenga. Mungathe kuyamba motere: "Bwana, ife amene tasaina pansipa, okhala m'nyumba zakutizakuti kumunsi kwa msewu wakutiwakuti, mu wodi yakutiyakuti, tikupempha kuti khonsolo iike mu bajeti ya chaka chamawa ntchito yochotsa kalavati yemwe alipo ndi kuika wamkulu, komanso kumanga ngalande ya miyala kuchokera pamsewu kukafika kumtsinje." Kenako fotokozani mwachidule zomwe zimachitika mvula ikagwa, nenani zomwe inu eni dera mwachita kale, monga kukumba mchenga Loweruka lililonse, ndipo tsirizani ndi kupempha kuti injiniya abwere adzaone, ndiponso kuti akuyankheni polemba. Kalatayo mungailembe m'Chichewa. Pa tsamba lachiwiri pakhale mayina, manambala a mafoni ndi masiginecha kapena zidindo za chala.

Langizo langa ndi lakuti pa mndandanda umenewo pakhale anthu a zipani zosiyana, mipingo yosiyana, eni nyumba ndi alendi omwe, ndipo tsiku lokapereka kalata pasapezeke wovala nsalu ya chipani. Nkhani ikangooneka ngati ya chipani chimodzi, khansala wa chipani china amaiona ngati msampha, ndipo madzi amapitiriza kulowa m'nyumba za onse.

Chitani mafotokope atatu. Mukafika ku Civic Centre, perekani kalata ku ofesi yolandira makalata, ndipo musachoke mpaka kalaliki atadinda chidindo cha tsiku pa kope lanu ndi kusainapo. Chidindo chimenecho ndicho umboni wanu wokhawo wakuti kalata inafika, ndipo mudzachifuna pa sitepe iliyonse yotsatira. Kope lachiwiri lipite kwa khansala, lachitatu kwa wapampando wa komiti ya chitukuko ya wodi.

Dutsani ku komiti ya wodi ndi kwa khansala

Ntchito zachitukuko zimayenera kuchokera pansi, m'makomiti a m'madera, kupita ku komiti ya chitukuko ya wodi, kenako ku khonsolo. Funsani kwa a block leader kapena kwa khansala tsiku lomwe komitiyo ikumane posankha ntchito za chaka chamawa, ndipo mupiteko muli gulu. Cholinga chanu pa msonkhano umenewo ndi chakuti ntchito yanu ilembedwe m'maminitsi ndiponso ikhale pamwamba pa mndandanda, chifukwa ndalama sizikwanira zonse, ndipo zomwe zili pa nambala 8 kapena 9 kawirikawiri zimadikira chaka china. Msonkhano ukatha, pemphani mlembi akuwerengereni zomwe walemba, ndipo mujambule tsambalo ndi foni.

Polankhula ndi khansala, ulemu ndi kulimba mtima ziyendere limodzi. Funso lothandiza si lakuti "Kodi mutithandiza?", pakuti yankho lake ndi inde nthawi zonse. Funsani kuti, "A khansala, nkhaniyi muitengera ku komiti iti, ndipo komitiyo ikumana liti?" Akakuuzani tsiku, lilembeni, ndipo pakatha sabata kuchokera tsikulo muwaimbire foni kuti mumve zomwe anagwirizana.

Werengani bajeti yeniyeniyo

Bajeti ya khonsolo si chinsinsi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakupatsani mphamvu yopempha zikalata ku ofesi iliyonse ya boma, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Kupemphako n'kwaulere, kupatula mtengo wa fotokope. Lemberani wogwira ntchito yopereka nkhani ku khonsolo, ndipo mutchule bwinobwino zomwe mukufuna: bajeti yovomerezedwa ya chaka chino, lipoti la momwe ndalama za chaka chatha zinayendera, mndandanda wa ntchito zachitukuko za wodi yanu, ndi maminitsi a komiti yomwe inakambirana nkhani yanu. Pempho losatchula chikalata limabweretsa yankho losatchula kanthu.

Mukalandira, yambani ndi mbali ya ndalama zolowa. Gwero lalikulu la ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha ndi msonkho wa malo ndi nyumba, womwe ambiri amautchula kuti ma city rates. Kenako pamabwera ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi, ndalama zoimikira magalimoto m'tauni, lendi ya nyumba za khonsolo ndi ndalama zolipira pounikitsa mapulani. Palinso ndalama zochokera ku boma, zomwe zimadutsa ku bungwe la National Local Government Finance Committee, komanso za misewu zochokera ku Roads Fund Administration, zomwe gwero lake lina ndi msonkho wa pa mafuta agalimoto. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kusiyana kwa ndalama zomwe khonsolo inayembekeza kutolera chaka chatha ndi zomwe inatoleradi. Ngati kusiyanako n'kwakukulu, dziwani kuti ntchito zambiri zolembedwa mu bajeti sizidzachitika, chifukwa malipiro a antchito, mafuta ndi ngongole ndizo zimayamba kulipiridwa, ndipo chitukuko chimadya zotsala.

Pano ndiyenera kunena mawu omwe ena sawakonda. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda uno, ndipo oposa theka la iwo amakhala m'madera omwe anamangidwa popanda pulani. Mzinda wa anthu ochuluka chotere sungayende ngati eni nyumba, makampani ndi maofesi a boma akukhala ndi ngongole za ma city rates kwa zaka. Amene akupempha ngalande ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti ngongole zimenezo zafika pati ndipo ikuchitapo chiyani pa okongola akuluakulu, koma nayenso alipire gawo lake ndi kusunga lisiti. Wogulitsa pamsika alandire tikiti yeniyeni nthawi iliyonse yomwe walipira, chifukwa ndalama yopereka popanda tikiti sifika ku thumba la khonsolo.

Ngati mukuona kuti msonkho wa nyumba yanu wakwera mopanda chilungamo, njira yake ilipo. Msonkhowo umawerengedwa potengera mtengo wa malo ndi nyumba womwe unalembedwa m'kaundula wa mitengo, ndipo lamulo limafuna kuti kaundulayo azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundula watsopano akatuluka, khonsolo imalengeza kuti anthu abwere adzamuone, ndipo chilengezocho chimatchula nthawi yoperekera madandaulo. Pitani mukaone nambala ya poloti yanu, kukula kwake ndi ntchito yomwe analemba kuti nyumbayo imagwira, chifukwa nyumba yogona ikalembedwa ngati ya bizinesi, bilu yake imasintha. Dandaulo likhale lolemba ndipo lifike nthawi yotchulidwayo isanathe.

Mukatha mbali ya zolowa, pitani ku mndandanda wa ntchito zachitukuko ndi kufufuza dzina la ntchito yanu. Onani zinthu zitatu: ngati yatchulidwa ndi dzina la malo ake enieni, ndalama zomwe yapatsidwa, ndi thumba lomwe ndalamazo zichokere. Mzere wongoti "kukonza ngalande mumzinda" sukutsimikizirani kanthu, choncho pemphani khansala akupezereni mndandanda wa malo omwe ali pansi pa mzere umenewo.

Khalapo pa msonkhano wa khonsolo yonse

Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu ndi atolankhani, kupatula pa nkhani zochepa zomwe mamembala agwirizana kuti zikambidwe mseri. Munthu wamba salankhula pa msonkhano umenewu ndipo savota, koma amamva ndi makutu ake ngati khansala wake anaimirira kapena anakhala chete. Funsani tsiku ku ofesi ya mkulu wa khonsolo, fikani molawirira, khalani malo a alendo ndipo lembani zomwe zagwirizanidwa. Anthu asanu ochokera m'dera limodzi atakhala mwaulemu ndi makope m'manja amaoneka, ndipo makhansala amadziwa kuti zomwe anene zikafika kumudzi.

Za malo ndi mapulani, musanagule ndiponso mnansi asanamange

Mavuto ambiri omwe timapempha khonsolo kuti iwakonze ndi ndalama amayamba ndi nyumba yomangidwa pamalo olakwika. Lamulo loona za mapulani a malo la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, limati palibe womanga kapena kusintha ntchito ya malo popanda chilolezo. Mzinda unagawidwa m'magawo: malo a nyumba zogona, malo a masitolo ndi maofesi, malo a mafakitale monga Makata, Ginnery Corner ndi Chirimba, malo a sukulu ndi matchalitchi, komanso malo osayenera kumangapo konse, monga m'mphepete mwa misewu, m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Nasolo, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, pamwamba pa mapaipi a suweji ndi m'mapiri otsetsereka.

Musanapereke ndalama ya poloti, chitani zinthu izi motsatana. Choyamba, dziwani mwini nthaka, pakuti mu Blantyre muli eni nthaka angapo: unduna wa zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo yomwe, ndi anthu kapena makampani omwe ali ndi malo awoawo. Pitani ku ofesi ya mwini nthakayo ndi nambala ya poloti mukatsimikize kuti wogulitsayo ndiye analembedwa. Chachiwiri, pitani ku nthambi ya mapulani ku Civic Centre mukafunse kuti malowo anaikidwa kuti akhale a chiyani. Chachitatu, pitani pamalopo ndi wopima malo wovomerezeka kuti akuonetseni mabikoni onse, ndipo muwaone ndi maso anu, timiyala ta simenti tokhala ndi kachitsulo pakati, osati mwala kapena mtengo womwe wogulitsa akuloza ndi chala. Kalata ya amfumu kapena ya block leader ingasonyeze kuti munagula kwa uje pamaso pa mboni, koma si chilolezo chomangira, ndipo siingaimitse khonsolo ikabwera kudzagwetsa.

Pofuna kumanga, perekani mapulani ojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka, pamodzi ndi umboni wa umwini, lipirani ku kauntala ya khonsolo ndi kutenga lisiti, ndipo dikirani chivomerezo cholemba cha komiti yoona mapulani musanakumbe maziko. Mukafuna kusandutsa nyumba yogona kukhala sukulu ya mkaka, malo ogona alendo, galaja kapena malo omwera mowa, pemphani kaye chilolezo chosinthira ntchito ya malo, chifukwa laisensi ya bizinesi payokha silowa m'malo mwa chilolezo chimenechi. Munthu aliyense wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti mapulani anu adutse msanga akukuikani m'mavuto awiri, mlandu wa ziphuphu ndi chikalata chomwe chingadzakanidwe mawa.

Ngati mnansi wayamba kumanga pa njira ya madzi, kutseka msewu wa anthu, kapena kukhazikitsa holo ya maukwati pakati pa nyumba zogona, musadikire kuti afike pa denga. Pezani nambala ya poloti, jambulani zithunzi muli pamsewu osalowa m'malo ake, ndipo lemberani nthambi ya mapulani kufunsa ngati ntchitoyo ili ndi chilolezo, n'kufotokoza momwe ikukukhudzirani. Khonsolo ili ndi mphamvu yopereka kalata yoimitsa ntchito, ndipo kuimitsa maziko n'kosavuta poyerekeza ndi kugwetsa nyumba yomwe banja lalowamo kale. Yambani mwalankhula naye mnansiyo mwamtendere, mwina pamaso pa block leader, koma kalata ipite ndithu ngakhale kukambiranako kukuyenda bwino.

Nkhani ya m'mapiri ndi yowawa, ndipo siyenera kukambidwa mopepuka. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ambiri mwa omwe anamanga kumtundako sanatero chifukwa cha mwano, koma chifukwa poloti yovomerezeka inali yosowa ndiponso yodula. N'chifukwa chake ndikuona kuti magulu a anthu akamapempha khonsolo kuti iletse kumanga m'mapiri a Soche, Ndirande, Mpingwe ndi Bangwe, azifunsanso kuti mu bajeti muli ndalama zingati zodulira mapoloti atsopano otsika mtengo, okhala ndi msewu ndi madzi. Kuletsa kopanda kolowera kumangosamutsa vuto kuchoka pa phiri lina kupita pa lina.

Ntchito ikayamba, ilondolozeni

Kulowa mu bajeti si mathero. Kontirakitala akafika, payenera kuima chikwangwani chotchula dzina la ntchito, kampani yomwe ikugwira, komwe ndalama zachokera ndi nthawi yomwe ntchito ithere. Chijambuleni tsiku loyamba. Pemphani kuti anthu awiri kapena atatu a m'dera akhale mu komiti yoyang'anira ntchitoyo, ndipo apemphe kuona pepala lofotokoza kukula kwa ntchito, kuti adziwe kutalika kwa ngalande ndi kukula kwa kalavati komwe anagwirizana. Simukuyenera kukhala injiniya kuti muone kuti simenti ikuchepa: matope omangira akauma n'kumanyenyeka mukawakanda ndi msomali, uzani injiniya wa khonsolo tsiku lomwelo, polemba, kontirakitala asanalipidwe gawo lotsatira. Musalimbane ndi amisiri pamalopo, pakuti iwo amangotsatira zomwe auzidwa. Ndipo komiti isasaine pepala lililonse lovomereza kuti ntchito yatha pamene miyala ili mbwee pamsewu ndipo ngalande yalekezera pakati.

Mukakanidwa kapena mukasowa yankho

Pakatha mwezi opanda yankho, lembani kalata yokumbutsa, mutchule tsiku la chidindo cha kalata yoyamba, ndipo kope lipite kwa meya. Ngati akukanizani zikalata zomwe munapempha, pemphani kaye mkulu wa khonsolo kuti aunikenso chiganizocho, ndipo zikakanika pitani ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo woyang'anira lamulo lopezera nkhani. Ngati vuto ndi kuchedwetsa dala, kukondera kapena kusalabadira, dandaulo lipite ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imathandiza mwaulere, koma idzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku khonsoloko, ndipo apa ndi pamene makope odindidwa aja amagwira ntchito. Ngati muli ndi umboni wa ziphuphu pa kagawidwe ka mapoloti kapena kasankhidwe ka kontirakitala, pitani ku Anti-Corruption Bureau, ndipo musayambe mwatchula mayina a anthu pa intaneti, chifukwa mungadzipalire mlandu woipitsa mbiri ndi kuchenjeza amene akanafufuzidwa.

Njira yomaliza ndi bwalo lalikulu la milandu, lomwe lili ndi mphamvu younikanso chiganizo cha khonsolo ngati chinapangidwa mosatsata lamulo kapena osamva mbali ya okhudzidwa. Pempho lotere liyenera kukalowa msanga, pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku la chiganizocho, choncho gulu lomwe likuganiza za khoti lionane ndi loya likangolandira kalata yokana, osati litayamba layendayenda kwa miyezi. Amene alibe ndalama za loya angakafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, atatenga fayilo yonse: kalata yoyamba, zithunzi, maminitsi a komiti ya wodi, makalata okumbutsa ndi yankho la khonsolo.